Phunziro: Wailesi, Foni ndi Tabuleti M'kalasi ya Ana Aang'ono

Aphunzitsi a mawa, ndakondwa kuti mwasankha kudzaphunzitsa ana aang'ono, a Sitandade 1 mpaka 4. Ntchito imeneyi ndi yolemetsa, koma ndi pamene maphunziro onse a mwana amatsamira. Makolo athu adati m'mera mpoyamba. Lero tiphunzira kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo zamakono pophunzitsa ana oterewa. Tiyenda pang'onopang'ono, kuyambira pa zosavuta mpaka pa zofuna kuganiza mozama. Ndikudziwa kuti mutsatira bwino, pakuti khama muli nalo.

Tiyambe ndi matanthauzo. Tikamati zipangizo zamakono, tikunena zida zoyendera magetsi, mabatire kapena mphamvu ya dzuwa, zimene zimasunga ndi kutulutsa mawu, zithunzi ndi zolemba. Wailesi ndi chimodzi mwa izo. Foni yam'manja ndi china. Tabuleti ndi kompyuta yopyapyala, yokula ngati buku, imene munthu amaiyendetsa pokhudza galasi lake ndi chala. Pulogalamu ndi malangizo oikidwa m'kati mwa chipangizo, amene amachiuza choti chionetse, choti chinene, ndi momwe chiyankhire munthu akachikhudza.

Tanthauzo lachiwiri ndi lofunika koposa. Chipangizo chikhoza kulowa pasukulu koma osalowa m'phunziro. Chalowa pasukulu pamene chafika, chalembedwa m'kaundula wa katundu, ndipo chasungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Chalowa m'phunziro pamene mphunzitsi wachipatsa ntchito yodziwika m'chikonzero chake, ndipo ntchitoyo ikuthandiza mwana kupeza luso limene analibe. Kulowetsa zipangizo m'maphunziro ndi chachiwirichi. Choncho sungani lamulo ili: phunziro patsogolo, chipangizo pambuyo.

Ngati phunziro liri patsogolo, tiyenera kufunsa kuti mwana wa Sitandade 1 ndi 2 afunika kuphunzira chiyani. Pa kuwerenga, afunika kumva maliwu a m'mawu, kudziwa lembo loimira liwu lililonse, kulumikiza malembo kukhala maphatikizo, maphatikizo kukhala mawu, ndi mawu kukhala ziganizo zimene akuzimvetsa. Phatikizo ndi kagawo ka mawu kotchulika kamodzi, monga ma, me, mi, mo, mu. Pa masamu, afunika kuwerenga zinthu chimodzichimodzi, kudziwa kuti nambala 7 ikuimira zinthu zingati, kenaka kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Maluso onsewa amakhazikika mwana akawachita yekha kambirimbiri, pali wina womuuza msanga kuti apa wakhoza, apa yesanso.

Apa mpamene pagona vuto lathu. Boma litachotsa fizi m'sukulu zapulaimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Chinali chinthu chabwino, koma makalasi adadzaza, ndipo mpaka lero kalasi ya Sitandade 1 ya ana oposa 100 si yachilendo. Tawerengerani nokha. Phunziro la mphindi 30 lili ndi masekondi 1,800. Mukawagawira ana 100, mwana aliyense apeza masekondi 18, ndipo apo ndiye kuti simunafotokoze kanthu kutsogolo. Mphunzitsi wakhama bwanji sangamve mwana aliyense akuwerenga tsiku lililonse. Mpata umenewu ndi umene chipangizo chabwino chingatseke.

Chipangizo chosavuta pa zonse ndi wailesi. Pali njira yophunzitsira imene aphunzitsi a pa wailesi amafunsa funso, nkukhala chete masekondi angapo kuti ana a m'kalasi ayankhe, aimbe, aombe m'manja kapena aloze chinthu. Njira imeneyi idayesedwa koyamba ku Nicaragua m'zaka za m'ma 1970 pophunzitsa masamu. Kuno kwathu idabwera ndi pulogalamu ya Tikwere, imene idayamba kuulutsidwa pa wailesi ya MBC mu 2008, yolunjika makalasi oyambirira.

Onani chimene wailesi imatiphunzitsa. Mawu ochokera m'wailesi ndi amodzimodzi ku Nsanje ndi ku Chitipa, koma phindu lake silifanana m'makalasi onse. Mphunzitsi wina amakonzeratu bolodi, amaika wailesi pamene ana onse akumva, ndipo pa mphindi ya chete ija amaloza mwana woti ayankhe. Wina amatsegula wailesi nkutuluka panja. Ana a mphunzitsi woyamba amaphunzira. Ana a wachiwiri amangomva phokoso. Wailesi siiona amene wagona, siidziwa amene sanamvetse. Maso a phunzirolo ndinu.

Chipangizo chachiwiri muli nacho kale m'thumba: foni. Ntchito zake m'kalasi ndi zochepa koma zothandiza. Mukhoza kujambula mawu a gogo wa m'mudzimo akusimba nthano, atakulolani, kuti ana akamvere ndi kuyankha mafunso. Mukhoza kujambula mawu anu mukutchula maliwu a malembo, nkudzimvera nokha kuti muone ngati mukutchula liwu loyera, losawonjezera lina kumapeto. Mukhoza kuonetsa kagulu ka ana chithunzi cha chinthu chimene sichipezeka kwanuko, monga sitima ya pamadzi kwa ana okhala kutali ndi nyanja. Foni imodzi singaonetse ana 100 nthawi imodzi, choncho igwiritseni ntchito m'magulu ang'onoang'ono. Ndipo nthawi ya phunziro, foni ikhale ya phunziro. Mauthenga a pa WhatsApp adikire.

Tsopano tifike pa tabuleti, chipangizo chimene ambiri a inu mukachipeza kusukulu. Bungwe la ku London lotchedwa onebillion lidakonza pulogalamu yophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, ndipo mothandizana ndi bungwe la VSO ndi Unduna wa Zamaphunziro lidayamba kuiyesa m'sukulu za kuno. Mu 2019 bungwe la onebillion lidagawana mphotho ya Global Learning XPRIZE ndi gulu la Kitkit School, mapulogalamu awo atayesedwa kwa miyezi 15 m'midzi ya chigawo cha Tanga ku Tanzania. Mu 2023 boma lathu lidakhazikitsa ndondomeko yophunzitsira ana pa matabuleti yotchedwa BEFIT, mothandizana ndi Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Idayambira m'sukulu 500, ndipo cholinga chake ndi kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse zapulaimale za boma. Matabuleti ake amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo safuna intaneti kuti mwana aphunzire.

Kodi tabuleti yokhala ndi pulogalamu yabwino imachita chiyani chimene inu simungakwanitse pa ana 100? Zinthu zitatu. Choyamba, imapatsa mwana ntchito yogwirizana ndi pamene wafika: amene sadziwa malembo ayamba ndi malembo, amene akuwerenga mawu apita ku ziganizo. Chachiwiri, imayankha nthawi yomweyo, kotero cholakwa sichigonera m'mutu mwa mwana mpaka tsiku limene mudzachonge kope lake. Chachitatu, imabwereza osatopa, ndipo mwana wamanyazi amayesanso popanda kuopa kusekedwa ndi anzake. Mulingo wa mwana, yankho lamsanga, kubwereza: zitatuzi ndizo phindu lenileni la tabuleti.

Mungafunse kuti umboni wake uli kuti, ndipo mwafunsa bwino. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Nottingham, Nicola Pitchford, adachita kafukufuku pasukulu ina mumzinda wa Lilongwe, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2015. Ana a Sitandade 1 mpaka 3 adagawidwa mwamaere m'magulu atatu. Gulu loyamba lidaphunzira masamu pa tabuleti mphindi 30 patsiku kwa milungu 8. Gulu lachiwiri lidapatsidwa matabuleti opanda pulogalamu ya masamu. Gulu lachitatu lidapitiriza kuphunzira monga mwa masiku onse. Mu Sitandade 2 ndi 3, ana a gulu loyamba adapambana magulu awiri enawo pa masamu.

Taganizirani za gulu lachiwiri lija. Ana amenewo anali ndi tabuleti yofanana ndi ya anzawo, galasi lomwelo, kulemera komweko, koma masamu awo sadakwere monga a gulu loyamba. Chimene chidaphunzitsa si galasi ayi, koma phunziro lokonzedwa bwino limene linali m'kati mwake.

Dziko la Peru lidaphunzira zomwezi pa mtengo wokwera. Potsatira ganizo la One Laptop per Child, limene Nicholas Negroponte adalengeza mu 2005, boma la dzikolo lidagula timakompyuta toposa 800,000 nkugawira ana. Mu 2012 akatswiri a Inter-American Development Bank adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'sukulu zakumidzi. Ana adadziwadi kugwiritsa ntchito makompyuta, koma pa mayeso a masamu ndi a chiyankhulo sadapose anzawo amene sadalandire. Makompyuta adalowa pasukulu, koma sadalowe m'phunziro. Ndibwerezanso: phunziro patsogolo, chipangizo pambuyo.

Inu amene mudalimapo chimanga mukumvetsa msanga. Feteleza amathandiza m'munda umene mwadzala mbewu yabwino ndi kupalira pa nthawi yake. Mukamuthira m'tchire, anenepa ndi udzu. Mukamuthira wopyola muyeso, mbewu ipsa. Tabuleti nayo imafuna munda wokonzedwa, nthawi yoyenera ndi muyeso woyenera.

Tsono ntchito yanu ndi yotani? Ili m'magawo atatu: musanapereke chipangizo, ana ali nacho m'manja, ndiponso chitabwezedwa. Tione gawo lililonse palokha.

Musanapereke chipangizo, dziwani chimene mukufuna kuti ana akhoze. M'chikonzero cha phunziro muli zizindikiro za kakhozedwe, ndiko kuti zinthu zooneka zimene mwana adzachite posonyeza kuti waphunzira. Tinene kuti sabata ino mukuphunzitsa lembo la m. Mwatchula liwu lake ana akumva, mwalitchula nawo limodzi, iwo alitchula okha. Mwalilemba pabolodi, ana alilemba m'malere ndi pamchenga. Mwapanga nawo maphatikizo, mwawerenga nawo mawu monga mama ndi amama. Mwana wotere akamakumana ndi malembo pa tabuleti, akukumana ndi chinthu chimene akuchidziwa kale pang'ono, ndipo tabuleti ikungochikhomerera. Khalaninso ndi nthawi yoyesa pulogalamuyo inu eni, kuyambira poyambirira penipeni, kuti mudziwe zimene ana anu akuona ndi kumva.

M'masiku oyamba, phunzitsani kagwiridwe ka chipangizocho monga mumaphunzitsira kagwiridwe ka pensulo. Ana ambiri a zaka 6 sadakhudzepo galasi lotere. Aonetseni kusamba ndi kupukuta m'manja, kunyamula ndi manja awiri, kukhudza pang'ono osadinikiza, kukoka chithunzi ndi chala osachisiya panjira, ndi kuvala mahedifoni, amene ndi zomvera za m'makutu zothandiza kuti mwana aliyense amve phunziro lake yekha. Mwana akhoza kudziwa yankho koma nkulephera kulikoka kupita nalo pamalo pake. Pulogalamu idzamuyesa wolephera masamu pamene vuto lake lili pa chala.

Ana ali ndi matabuleti m'manja, m'kalasi mumakhala bata, ndipo bata limeneli limanyenga. Mphunzitsi amaona ngati yakwana nthawi yochonga makope kapena yopuma. Ayi, imeneyi ndi nthawi yanu yamtengo wapatali, pakuti kwa mphindi zimenezi simukuyenera kuima kutsogolo. Yendani pakati pa ana. Yang'anani zala zawo. Mudzapeza wina akungodina paliponse msangamsanga mpaka yankho litalola. Ameneyo sakuphunzira, akulota. Khalani naye pansi, mumuuze amvere funso mpaka kumapeto, anene yankho ndi pakamwa, kenaka akhudze. Mudzapeza wina wangokhala chifukwa mahedifoni ake samveka ndipo akuopa kunena. Mudzapeza wina akuyandikitsa galasi pamphuno, ndipo mwina mwatulukira mwana wa vuto la maso amene makolo ake afunika kudziwitsidwa.

Chipangizo chitabwezedwa, bwezerani phunzirolo m'manja ndi pakamwa pa mwana. Ngati pa tabuleti anawonkhetsa 3 ndi 4, atenge zitsekerero za mabotolo kapena timiyala, aike titatu apa, tinayi apo, atisonkhanitse, awerenge, alembe m'kope, afotokozere mnzake momwe wapezera 7. Ngati anawerenga kankhani, mufunseni kuti munali ndani, chidachitika nchiyani, iye akadachita chiyani. Izi ndi zija mumaphunzira za TALULAR, kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Zipangizo zamakono sizidabwere kudzachotsa timiyala. Luso limene mwana amalionetsa pa galasi pokha, koma osalionetsa pa pepala kapena pamsika, silinakhazikike.

Dziwaninso zimene tabuleti singathe. Singaumbe dzanja la mwana kuti lilembe bwino ndi pensulo. Dzanja limaphunzira polemba. Singamve mwana akuwerenga mokweza nkumukonza katchulidwe monga mungachitire inu. Singamuphunzitse kudikira nthawi yake yoyankhula, kubwereka mwaulemu, kapena kupepesa akalakwira mnzake. Singaone kuti lero wabwera wosadya, kapena kuti wajomba masiku atatu. Ana amaphunzira chiyankhulo poyankhulana ndi anthu, poimba, posewera ndi pomvera nthano. Nthawi ya zimenezi musaidye.

Apa tafika pa muyeso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lidalangiza mu 2019 kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asakhale pansi akuyang'ana galasi kupitirira ola limodzi patsiku, ndipo kuchepera apo nkwabwino koposa. Ana anu ndi okulirapo pang'ono, koma nzeru yake ndi yomweyo: thupi laling'ono limafuna kuthamanga, ndipo maso amafuna kupuma. Kumbukirani kuti ana a m'kafukufuku wa ku Lilongwe uja ankagwira tabuleti mphindi 30 zokha patsiku. Tsatirani nthawi imene yaikidwa pa ndandanda ya sukulu. Musasandutse tabuleti mphotho ya ana okhoza kapena chilango cha ana ovuta, pakuti mwana wotsalira ndiye woifuna kwambiri.

Mawu amenewa akutifikitsa pa chilungamo. Zipangizo zikachepa, amazilanda ndi ana amphamvu ndi olimba mtima. Wamng'ono thupi, wamanyazi, mtsikana wophunzitsidwa kugonjera, ndi mwana wolumala amatsalira kumbuyo, ndipo chipangizo chimene chimayenera kuchepetsa kusiyana chimakukulitsa. Lembani ndandanda ya magulu, muiike pakhoma, muitsate. Chongani dzina la mwana aliyense amene wagwira tabuleti tsikulo. Mwana wosamva bwino mukhazikeni pamalo opanda phokoso, ndipo wovutika kugwira mumuikire tabuleti pamalo okhazikika.

Zipangizo zimafunanso chisamaliro, ndipo adani ake ndi fumbi, madzi, kutentha, kugwa ndi akuba. Mapanelo a sola, amene ndi magalasi osandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, apukutidwe kawirikawiri, chifukwa fumbi likawakuta mphamvu imachepa. Matabuleti awerengedwe potuluka ndi pobwerera, atchajidwe ana akaweruka, atsekeredwe pamalo otetezeka. Chowonongeka chilembedwe ndi kunenedwa kwa mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo. Itanani makolo, komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi mafumu kuti adzaone ana akuphunzira. Anthu amateteza chinthu chimene aona phindu lake ndi maso awo.

Ngakhale musamale chotani, lidzafika tsiku la mitambo pamene mabatire sadzadzaza, kapena tsiku limene wailesi idzangolira phokoso. Mphunzitsi wokonzeka sabalalitsa ana. M'chikonzero chilichonse chodalira chipangizo, lembani pambali njira ina yophunzitsira luso lomwelo ndi choko, makadi a malembo ndi timitengo. Ngati phunziro liri patsogolo, chipangizo chikafa phunziro limapitirira.

Pali nkhani ina yofunika kuisamala kwambiri, ndiyo chitetezo cha ana. Musajambule ana nkuika zithunzi zawo pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo cha makolo ndi cha mphunzitsi wamkulu. Musapatse mwana foni yanu yolumikizidwa ku intaneti kuti aziyendamo yekha. Kanema aliyense amene mukufuna kuonetsa, muyambe mwamuonera nokha mpaka kumapeto. Makolo adakupatsani ana awo pokukhulupirirani.

Chomaliza, ndipo ndicho chovuta koposa: mudzadziwa bwanji kuti zikuthandiza? Ana kusangalala si umboni wokwanira, pakuti ana amasangalala ndi chilichonse chatsopano. Umboni ndi luso. Kumayambiriro kwa teremu, itanani ana mmodzimmodzi, pang'onopang'ono m'masiku angapo. Aliyense atchule malembo a pa khadi, awerenge mawu kwa mphindi imodzi, awonkhetse ndi kuchotsera masamu ochepa. Lembani zimene wakhoza. Kumapeto kwa teremu chitaninso chimodzimodzi, papepala, popanda tabuleti. Amene akwera, yamikani. Amene aima pamodzimodzi, fufuzani chifukwa: kodi amajomba, samva bwino, amangodina, kapena pali luso la m'mbuyo limene adalidumpha? Yankho la funso limeneli ndilo likuuzeni chophunzitsa mawa.

Ntchito yanu ya sabata ino ndi iyi. Sankhani luso limodzi la Sitandade 1 kapena 2. Lembani chikonzero chosonyeza zimene mudzachite musanapereke chipangizo, ana ali nacho, ndi chitabwezedwa. Pansi pake lembani njira yophunzitsira luso lomwelo chipangizo chitakanika. Pomaliza lembani momwe mudzayesere kuti ana akhoza.

Aphunzitsi, musaziope zipangizozi, ndiponso musazisiyire kalasi yanu. Ziphunzireni bwino, zipatseni ntchito yodziwika, ndipo maso anu akhale pa mwana. Dziko likuyembekeza kuti mwana aliyense wotuluka m'manja mwanu azitha kuwerenga ndi kumvetsa, kulemba ndi kuwerengera. Konzekerani mokwanira, ndipo mukafika kusukulu kwanu, kaphunzitseni ana amenewo ndi mtima wonse.